Kudziwa zaka za volovolo ya Webley: mmene mungawerengere zidindo ndi nambala yake

Anthu ambiri akapeza volovolo yakale m'bokosi la malemu agogo, chomwe amathamangira ndi nambala. Amaijambula pa foni n'kuyamba kufunsa kuti nambala imeneyi ndi ya chaka chanji. Pa mfuti za Webley, zomwe asilikali ndi apolisi a maboma a Angerezi ankanyamula kuyambira 1887 mpaka zaka za m'ma 1960, nambala payokha siyankha funso limeneli. Mfuti imodzi imatha kukhala ndi zaka zinayi zosiyana: chaka chomwe mtundu wake unavomerezedwa ndi boma, chaka chomwe inapangidwa, chaka chomwe inaperekedwa ku gulu la asilikali, ndi chaka chomwe inayesedwanso boma litaigulitsa. Ntchito yanu ndi kulekanitsa zaka zimenezi. Nambala ibwera pambuyo, kudzachitira umboni zomwe mwapeza kale.

1. Itsekuleni kaye

Lozetsani mpope komwe kulibe munthu, chala chisayandikire tiriga. Kumanzere kwa mfuti, pafupi ndi hamala (kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo), kuli kachitsulo kokankha ndi chala chachikulu. Mukakankha, mpope pamodzi ndi silinda (chitsulo chozungulira momwe mumalowa zipolopolo) zimaweramira pansi, ndipo pakati pa silinda pamatuluka kachitsulo kooneka ngati nyenyezi komwe kamakankha zipolopolo. Yang'anani mabowo onse asanu ndi limodzi, muone kuwala kukudutsa. Ikakana kutseguka chifukwa cha dzimbiri, musaimenye ndi hamala kapena kuikanula ndi sikuludiraiva. Itengeni kuti ili ndi zipolopolo, ndipo ntchitoyo muisiyire apolisi kapena katswiri wokonza mfuti.

Za malamulo tisazidumphe. Mfuti yakale ndi mfuti ndithu. Ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, kuisunga popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo chiphaso cha malemu sichikhala cholowa cha ana. Amene muli ku Britain mudziwe kuti mfuti zam'manja zinaletsedwa mu 1997, ndipo Webley ya .455 kapena ya .38 (manambalawa akunena kukula kwa bowo la mpope) siili m'gulu la mfuti zakale zomwe munthu angapachike pakhoma popanda chilolezo. Kadziwitseni apolisi kuti mwapeza chiyani musanayambe kuyenda nayo.

2. Musaiwalitse

Sandipepa ndi burashi ya waya zawononga mbiri ya mfuti zambiri kuposa dzimbiri. Zidindo zina n'zosazama, mukangopala kawiri zapita. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi oilo wa makina osokera, basi. Kenako tengani tochi, muunike cham'mbali osati molunjika, kuti mthunzi ulowe m'mizere ya zilembo. Pomwe pakuvuta, pakani choko n'kupukuta pamwamba ndi chala: choko chimatsalira m'mizere ndipo zilembo zimatuluka zoyera. Jambulani mbali zonse, pamwamba pa mpope, pansi pake, kumsana kwa chogwirira ndi kuzungulira silinda yonse. Khalani ndi pepala, muzilemba chidindo chilichonse ndi malo omwe chili. Masikuluwu musawakhudze.

3. Yezani bowo ndi mpope

Tengani rula. Bowo la mpope likakhala pafupifupi mamilimita 11 ndi theka, mfutiyo ndi ya .455. Likakhala pafupifupi mamilimita 9, ndi ya .38. Kusiyana kumeneku kokha kukugawirani nthawi pawiri, chifukwa asilikali a Britain anagwiritsa ntchito .455 kuyambira 1887, ndipo anasamukira ku .38 mu 1932.

Yezaninso kutalika kwa mpope, kuyambira pomwe silinda yathera mpaka kukamwa. Mainchesi 4, 5 kapena 6, omwe ndi mamilimita pafupifupi 102, 127 ndi 152. Lembani.

4. Pezani mtundu wake

Apa ndiye pagona nkhani. Webley za asilikali za .455 zinatuluka m'mitundu isanu ndi umodzi, ndipo dzina la mtundu limalembedwa pa mfutiyo, kawirikawiri kumanzere kwa thupi lake pansi pa silinda kapena pa chitsulo chodutsa pamwamba pa silinda. Boma linavomereza Mark I mu 1887, Mark II mu 1895, Mark III mu 1897, Mark IV mu 1899, Mark V mu Disembala 1913, ndipo Mark VI pa 24 Meyi 1915.

Zilembo zikafufutika, maonekedwe akuthandizani. Kuyambira Mark I mpaka Mark V, chogwirira n'chopindika ndipo chimathera mozungulira, chomwe osunga mfuti zakale amachitcha mutu wa mbalame, ndipo mpope wa asilikali nthawi zambiri ndi wa mainchesi 4. Mark I ili ndi kalinunda kumsana kwa chogwirira, pomwe pamakhala khonde la chala chachikulu. Pa Mark II kalinundako anakachotsa. Pa Mark III anasintha chitsulo chogwira silinda kuti isamavuke mwangozi. Mark IV ndi yomwe inatchuka pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, ya 1899 mpaka 1902. Mark V kuisiyanitsa ndi Mark IV ndi maso okha n'kovuta, popeza chomwe chinasintha kwenikweni ndi silinda, yomwe anaikulitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita kuti ipirire onga wopanda utsi. Koma Mark VI simungaisokoneze ndi inzake: chogwirira chake n'chachikulu, chathyathyathya kunsi, mpope ndi wa mainchesi 6, kachitsulo kolozera ka kutsogolo n'komangidwa ndi sikuluwu, ndipo m'manja imalemera kupitirira kilogalamu imodzi.

Chaka cha mtundu chimakuuzani chinthu chimodzi chokha, koma cholimba: mfutiyo singakhale yakale kuposa chaka chimenecho. Taganizani za banja lomwe limanena kuti volovolo yawo inali pa nkhondo ya ku Karonga, pomwe asilikali a King's African Rifles (K.A.R.) anamenyana ndi Majeremani mu Seputembala 1914, kapena kuti inagwira ntchito pa nthawi ya John Chilembwe mu Januwale 1915. Mukaona "MARK VI" pa mfutiyo, nkhaniyo yathera pomwepo, popeza mtundu umenewu unavomerezedwa miyezi inayi Chilembwe ataukira kale. Agogowo mwina analikodi ku Karonga, koma ndi mfuti ina. Ikakhala Mark IV ya .455, nkhaniyo itha kukhala yoona, ngakhale kuti kutheka si umboni.

Kanyenyezi kotsatira dzina la mtundu, monga "MARK I*" kapena "MARK II**", kamatanthauza kuti mfutiyo inasinthidwa zitsulo pambuyo pake. Zambiri zotere anazikonzanso pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse poziika mpope kapena silinda ya mtundu watsopano. Thupi likhoza kukhala la m'ma 1890 pomwe silinda ndi ya 1915.

Pali msampha umodzi womwe umakola anthu ambiri: dzina loti Mark IV lili pa mfuti ziwiri zosiyana. Ina ndi ya .455 ya 1899 ija, ina ndi yaing'ono ya .38 yomwe inabwera patapita zaka pafupifupi makumi atatu. N'chifukwa chake munayamba ndi kuyeza bowo.

Mukapeza kuti ndi ya .38, onaninso ngati ilidi Webley. Boma la Britain linatenga maganizo a Webley n'kukapanga yakeyake ku fakitale ya boma ya Enfield, yomwe inatchedwa Enfield No. 2 Mark I ndipo inavomerezedwa mu 1932. Patali ziwirizi zimafanana kwambiri. Yang'anani kumanzere kwa thupi: Enfield ili ndi chivindikiro chachitsulo chomangidwa ndi masikuluwu chomwe chimachoka, Webley ilibe. Hamala ikakhala yopanda kamchira kokokera ndi chala, imeneyo ndi Enfield No. 2 Mark I*, ya kuyambira 1938. Kenako kunabwera Mark I** mu 1942, yomwe anaiphweketsa kuti izipangidwa msanga. Zina zili ndi dzina loti "ALBION", kampani yopanga magalimoto ya ku Scotland yomwe inapatsidwa ntchitoyi nkhondo itavuta.

5. Funani chaka cholembedwa

Pa Mark VI ntchito ndi yosavuta. Kumanzere kwa thupi kuli mawu oti "WEBLEY MARK VI PATENTS" ndipo pansi pake pali chaka cha manambala anayi, monga 1916, 1917 kapena 1918. Chimenecho ndiye chaka chopangidwa. Pa mpope ndi pa tizitsulo tina mungaone manambala awiri okha monga '17, pambali pa tizidindo ta oyendera. Akagwirizana ndi chaka cha pathupi, zili bwino. Akasiyana ndi chaka chimodzi, musadabwe, thupi lopangidwa kumapeto kwa chaka linkatha kuyenderedwa chaka chotsatira. Akasiyana ndi zaka zingapo, chitsulocho chinasinthidwa.

Mark VI zina sizinapangidwe ndi Webley ayi. Kuyambira 1921 mpaka 1926 fakitale ya Enfield inkazipanga yokha, ndipo zimenezi zili ndi mawu oti "ENFIELD" pamodzi ndi chisoti chachifumu ndi chaka. Enfield No. 2 nayonso ili ndi chaka kumanja kwa thupi.

Webley Mark IV ya .38 ndiye yovutirapo, chifukwa kawirikawiri ilibe chaka chopangidwa. Chomwe chingakuthandizeni ndi mawu oti "WAR FINISH" kumanzere kwa thupi. Kampaniyo inkanyadira kusalala kwa mfuti zake, ndipo pa nkhondo yachiwiri, pomwe panalibe nthawi yosalaza, inkadinda mawuwa kuti anthu asaganize kuti ntchito yake ndi imeneyo masiku onse. Mukayendetsa chala pa mfuti yotere mumamva mizere ya makina. Mawuwa akuikani pakati pa 1939 ndi 1945, zaka zomwe asilikali a K.A.R. ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma.

Dzina la kampani limathandizako, koma mosamala. P. Webley & Son ya ku Birmingham inaphatikizana ndi W. & C. Scott & Sons mu 1897, ndipo dzina lalifupi loti Webley & Scott Ltd linayamba mu 1906. Mfuti yolembedwa "WEBLEY & SCOTT LTD" singakhale ya m'ma 1890. Koma musatembenuze mfundoyi: dzina loti "P. WEBLEY & SON" linapitirira kudindidwa pa mipope kwa zaka zingapo makampaniwo ataphatikizana kale.

6. Werengani zidindo za boma

Chidindo choyamba kuchifuna ndi muvi wa boma, mizere itatu yokumana pamwamba ngati phazi la nkhuku. Muvi umenewu ukutanthauza kuti mfutiyo inali katundu wa boma la Britain. Mivi iwiri yoyang'anizana nsonga kwa nsonga ikutanthauza kuti boma linaichotsa m'kaundula n'kuigulitsa. Mfuti yopanda muvi n'komwe inagulidwa m'sitolo, ndipo zimenezi sizichotsa mwayi woti inapita ku nkhondo, popeza maofesala a nthawi imeneyo ankagula okha volovolo zawo ndi ndalama za m'thumba.

Kenako funani chisoti chachifumu chokhala ndi zilembo ziwiri pansi pake, timbendera tiwiri topingasana, ndi chilembo P. Ichi ndi chidindo choti asilikali anaiyesa. Zilembozo ndi za wolamulira wa nthawiyo: VR ndi Mfumukazi Victoria, amene anamwalira mu 1901, ER ndi Edward VII, 1901 mpaka 1910, GR ndi George V, 1910 mpaka 1936, ndipo George VI nayenso ankagwiritsa ntchito zilembo zomwezo mpaka 1952. Tsono Mark IV ya .455, yomwe inapangidwa kwa zaka zoposa khumi, mungaichepetsere nthawi ndi chidindo chimenechi: VR ikuikani pakati pa 1899 ndi 1901.

Kumsana kwa chogwirira ndi kunsi kwake n'komwe magulu ankadinda zilembo zawo. N imaimira asilikali a pamadzi. SPF ndi apolisi a ku Singapore, RHKP ndi a ku Hong Kong, ndipo BSAP ndi apolisi a Southern Rhodesia. Timanambala monga 5.17 timatanthauza mwezi ndi chaka chomwe mfutiyo inaperekedwa ku gululo, osati chomwe inapangidwa. Nambala yomwe ili pambali pa zilembo za gulu ndi ya m'nyumba yosungira zida, yoti msilikali azidziwa yake. Anthu ambiri amatenga nambala imeneyi n'kumaifufuza ngati ya kufakitale, ndiye amasokera. FTR yotsatana ndi chaka ikutanthauza kuti mfutiyo inabwerera ku fakitale kukakonzedwa yonse.

7. Zidindo za ku Birmingham

Lamulo la ku Britain limafuna kuti mfuti iliyonse yogulitsidwa kwa anthu wamba iyesedwe ku London kapena ku Birmingham Proof House, nyumba yoyesera mfuti yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Mfuti za asilikali zikagulitsidwa zinkadutsanso kumeneko. Ndiye mukaona chisoti pamwamba pa BNP, chidindo chomwe chinabwera ndi malamulo a 1954, musafulumire kunena kuti mfutiyo ndi ya m'ma 1950. Ndaonapo anthu akukangana mpaka kukwiyitsana pa Mark VI yolembedwa 1917 pathupi koma ili ndi BNP pa silinda, wina akuti ndi yabodza. Zonse ziwiri n'zoona: inapangidwa mu 1917, inayesedwanso patapita zaka pafupifupi makumi anayi. Pafupi ndi BNP pamakhala mzere monga .455 .760" 6 TONS kapena .38 .767" 3½ TONS, womwe ukunena kukula kwa chipolopolo, kutalika kwa chikhokho chake ndi mphamvu yomwe mfutiyo ikuloledwa. Zisoti zokhala pamwamba pa BV, BP ndi NP ndi zidindo za pakati pa 1904 ndi 1954.

Palinso kachidindo kakang'ono kwambiri ka ndodo ziwiri zopingasana, kokhala ndi zilembo m'mipata yake. Chilembo chimodzi mwa izo ndi cha chaka chomwe mfutiyo inayesedwa. Birmingham inayamba kuchita zimenezi mu 1921, ndipo inayambiranso pa A mu 1950, kotero A yemweyo angakhale wa zaka ziwiri zosiyana. Zidindo zoyandikana nako ndi zomwe zingakuuzeni kuti muli m'ndandanda uti. Mawu oti "ENGLAND" odindidwa paokha, mwina mokhota, kawirikawiri ndi a mfuti zomwe zinatumizidwa kukagulitsidwa ku America.

Mukaona ELG m'kati mwa bwalo looneka ngati dzira, mfutiyo ndi ya ku Liège ku Belgium, ngakhale ikufanana ndi Webley motani.

8. Tsopano nambala

Nambala ya kufakitale imapezeka m'malo atatu: pa thupi, pa chitsulo cha mpope pafupi ndi pomwe mfuti imapindikira, ndi pa silinda. Funso loyamba si la chaka, koma loti kodi zitatuzi zikugwirizana? Zikagwirizana, mfutiyo inatuluka m'fakitale momwemo. Zikasiyana, kapena ina ikakhala yokhwatchidwa n'kudindapo ina pambali, ndiye kuti inasonkhanitsidwa kuchokera ku mfuti zingapo, zomwe okonza zida a asilikali ankachita kawirikawiri. Nambala yomwe imawerengedwa ndi ya pathupi.

Manambala a Mark VI za Webley amayambira cha m'ma 135,000 mu 1915 n'kufika cha m'ma 450,000 nkhondo itatha. Tsono mfuti yolembedwa 1915 pathupi koma nambala yake ili m'ma 400,000 ili ndi mafunso oti iyankhe. Koma musayese kugawa manambalawa mwezi ndi mwezi. Mu 1915 Mark V ndi Mark VI zinkapangidwa nthawi imodzi ndipo manambala awo analowererana, komanso mfuti sizinkatuluka m'fakitale motsatana ndi manambala. Ina inkatha kutsalira pa shelefu anzake atapita kale.

Nambala yoyamba ndi chilembo imanena zina. Pa mfuti za Enfield chilembo chinkasintha manambala akadzaza. Pa Webley Mark IV ya .38, nambala yoyamba ndi A ndi ya pambuyo pa nkhondo yachiwiri, ndipo B ndi ya kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kupita m'tsogolo. Webley & Scott inasiya kupanga volovolo ku England mu 1979, ndiye palibe yeniyeni ya kumeneko yomwe ingapitirire pamenepo.

Nambala ikakhala yopalidwa dala, musayese kuidzutsa ndi asidi kapena kudindapo ina. Imeneyo ndi nkhani ya apolisi.

9. Silinda yometedwa ndi mfuti zongotengera

Yang'anitsitsani nambala ya pa silinda ya .455, yomwe ili m'mphepete cha kumbuyo. Manambalawo akaoneka odulidwa, ngati kuti mbali ina yalowa m'mphepete n'kusowa, silindayo inametedwa. Ogulitsa mfuti ku America ankadula kumbuyo kwa silinda pafupifupi milimita imodzi ndi theka kuti muzilowa zipolopolo za .45 ACP, zomwe kumeneko zinali zosavuta kupeza. Kumbuyoko kumakhala kosalala, kopanda tizidindo, ndipo mukatseka mfuti mpata wa pakati pa silinda ndi thupi umaoneka waukulu. Kumetako kunachitika makamaka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndiye n'chizindikiro cha ulendo womwe mfutiyo inayenda. Kumatsitsanso mtengo wake, komanso n'koopsa: zipolopolo za .45 ACP za m'sitolo zili ndi mphamvu yoposa yomwe Webley inapangidwira, ndipo masilinda ena anaphulika m'manja mwa eni ake. Mark I mpaka Mark IV, zomwe zinapangidwira onga wakale wakuda, ndiye osayerekeza n'komwe kuziwombera popanda katswiri kuziona.

Zongotengera nazo zilipo. Amisiri a ku Darra Adam Khel ku Pakistan akhala akusula mfuti zofanana ndi Webley ndi manja kwa zaka zambiri, n'kumakopera zidindo zomwe sazimvetsa. Zimagwidwa ndi zilembo zotembenuka, makamaka N ndi S, mawu olembedwa molakwika, mizere yokhotakhota, ndi zidindo zosayenderana, monga VR pa mfuti yolembedwa chaka chomwe Victoria anali atamwalira kale. Chidindo chenicheni chinkamenyedwa kamodzi ndi chitsulo chimodzi, kotero zilembo zake zimakhala zofanana kuzama. Chongotengera chimamenyedwa chilembo chimodzichimodzi, china chozama china chapamwamba.

10. Ikani zonse pa mzere umodzi, kenako funsani

Bwererani ku pepala lanu lija, musanje zaka zomwe mwapeza kuyambira chakale. Mwachitsanzo: Mark VI, mtundu wa 1915, pathupi 1917, nambala m'ma 300,000, yogwirizana malo onse atatu, muvi wa boma ndi GR, mivi iwiri yoyang'anizana, BNP, kutanthauza kuti inayesedwanso kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1950. Mzere wotere ukayenda popanda chopunthwitsa, mwamaliza. Chaka china chikalowerera pomwe sichikuyenera, bwererani pa chidindocho ndi tochi ndi choko.

Amene mukufuna dzina la mwini wake woyamba, yang'anani pamwamba pa mpope. Pakakhala dzina la sitolo monga "ARMY & NAVY C.S.L.", muli ndi mwayi, chifukwa mabuku ogulitsira mfuti a sitolo imeneyi ya ku London amasungidwa ku University of Glasgow, ndipo ankalembamo nambala ya mfuti, tsiku ndi dzina la wogula. Masitolo ena, monga Wilkinson, ankadinda nambala yawoyawo pambali pa ya Webley, ndiye polembera kalata tumizani zonse ziwiri ndipo munene pomwe iliyonse ili. Royal Armouries ku Leeds imasunga mfuti zachitsanzo zomwe boma linkayezera mitundu imeneyi. Mfuti yokhala ndi muvi wa boma wokha, yopanda dzina la sitolo kapena lozokotedwa, nthawi zambiri kufufuza kwake kumathera pa gulu la asilikali ndi chaka, chifukwa mabuku a m'nyumba zosungira zida sankasungidwa nthawi yaitali. Potumiza zithunzi kwa anthu osawadziwa pa intaneti, phimbani manambala awiri omaliza, popeza oyambawo ndi okwanira kuti katswiri akuuzeni chaka.